Chinkhwe cha Malemu

Maliro a mkulu wina wa mpingo wathu atatha, abale anakhala pansi kugaŵana katundu. Njinga, wailesi ndi mipando zinapeza eni ake tsiku lomwelo. Chimene chinatsala pakhonde chinali chikwere chawaya, m'kati mwake muli chinkhwe chotuŵa, chamchira wofiira, chimene malemuwo anabwera nacho kuchokera ku Lubumbashi akali ndi mphamvu. Mphwawo wina anati, "Tingochitsekulira, chizipita kwa anzake." Ambiri anavomera, poyesa kuti chimenecho ndicho chifundo. Ife, pokhala oyandikana nawo nyumba, tinapempha kuti tiyambe tachisunga.

Tisadzitame. Nafenso tili ana tinkatchera ulimbo ndi kutsekera timpheta m'zikwere zamapesi, ndipo tikatipeza titafa m'maŵa sitinkakhetsa msozi. Za chinkhwe taphunzira titakula. Mtundu umenewu kwawo ndi ku nkhalango zoŵirira za ku Congo, Cameroon ndi maiko ena a kumeneko. Kuno ku Malaŵi kulibe "anzake" amene mphwa uja ankanena. Komanso mbalame yoleredwa m'nyumba siidziŵa kudzifunira chakudya kapena kuthaŵa kabaŵi. Kuitsekulira ndiko kuipereka kwa amphaka ndi kwa anyamata a malegeni. Tsono chinkhwe chotere chimatha kukhala zaka 40 ngakhale 50, mwakuti mwini wake ayenera kuganiziratu amene adzachisunge iye atatsogola.

Milungu yoyamba inali yovuta. Chinkhwecho chinangoti duu, osalira, ndipo chinayamba kudzizula nthenga za pachifuwa mpaka khungu kuonekera. Dokotala wa ziŵeto anatiuza kuti vuto lake linali kusungulumwa: kuthengo mbalamezi zimakhala m'magulu, ndipo gulu la ichi anali mkulu uja yekha. Anatichenjezanso kuti peyala ndi poizoni kwa chinkhwe, ndiponso kuti mtedza wachuku umachidwalitsa. Tizichipatsa chimanga chachiŵisi, zipatso ndi masamba. Tinayang'anana, pakuti peyala tinali titalidula kale pambale. Tsiku lina m'mamaŵa tinamva pakhonde, "Odi! Odi kuno!" kenaka chifuwa chija chimene mpingo wonse unkachidziŵa. Anali mau a malemu enieni. Ana anathaŵira kuchipinda, ndipo ife akulu tinakhala chete nthaŵi yaitali.

Koma nyumba yathu masana imakhala yopanda munthu, ndipo tinazindikira kuti tikuchizunza. M'masiku omwewo kunabwera bambo wina wofuna kuchigula. Ndalama zimene anatchula zikadakwana fizi ya mwana wathu wa ku sekondale, imene inali isanalipidwe. Kumene ankafuna kupita nacho sanafotokoze bwino. Tinali titamva kuti m'chaka cha 2016, pa msonkhano wa ku Johannesburg, maiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuŵa zogwidwa kuthengo, kaamba kakuti osaka anali kuzitha, ndipo zambiri zinkafera m'njira. Usiku umenewo pa mapemphero a banja tinaŵerenga Deuteronomo 22, pamene Mulungu alamula wopeza chisa kuti asatenge make pamodzi ndi ana ake. Tinadabwa kuti pakati pa malamulo aakuluakulu otere palinso malo a mbalame. M'maŵa mwake tinaŵakanira bambo aja, koma tinene zoona, mitima inatiŵaŵa.

Pamenepo tinapempha mlembi wa mpingo kuti aike nkhaniyi pa zolengeza za Lamulungu. Ataŵerenga kuti pali chinkhwe chamasiye chofuna banja, anthu anaseka, makamaka achinyamata a m'mipando ya kumbuyo. Komabe titatuluka m'kachisi anatitsata anthu a mabanja anai. Aŵiri anali ofuna kuchilera. Aŵiri enawo anadza monong'ona kudzanena kuti nawonso ali ndi mbalame zimene ana anazilirira, kenaka nkutopa nazo: ena nkhunda, ena tizinkhwe ting'onoting'ono togula m'tauni. Amai a Chigwirizano anatenga kope nayamba kulemba maina a opereka ndi a olandira. Ndalama sizitchulidwa. Wolandira amangofunsidwa ngati pakhomo pamakhala munthu masana, ngati pali mphaka, ndiponso ngati mwana wopemphayo adzathirabe madzi mwezi ukatha. Funso lomalizali makolo ena sanakondwe nalo.

Chinkhwe chija chinapita kwa mai wina wamasiye, mphunzitsi wopuma pantchito, amene amakhala ndi adzukulu atatu. Tinakaŵachezera mwezi watha. Nthenga za pachifuwa zayamba kumera, ngakhale pang'onopang'ono. Chaphunzira kuitana mdzukulu wamng'ono m'mau a agogo ake, ndipo mwanayo amathamanga kuchokera ku maseŵera, napeza kuti palibe wamuitana. Pamene tinkatsazika, chinatsokomola ngati mkulu uja, ndipo mai aja anati, "Muŵamva? Akadali nafe pakhonde pano."