Aphunzitsi Opanda Choko a ku Chembe

Ilipo ntchito ina m'dziko lathu lino imene makolo ambiri saiŵerengera, ndipo mwana wawo akati ndiyo afuna kugwira, nkhope zawo zimagwa. Ndikunena ntchito yoperekeza alendo panyanja ndi boti. Kumudzi kwa Chembe, m'boma la Mangochi, kumene alendo amakutcha Cape Maclear, alipo anyamata ndi abambo ambiri amene amadyera ntchito imeneyi. Ine ndapitako kangapo ndi ana a Sitandade 7, ndipo ndafika pokhulupirira kuti ena mwa anthu ameneŵa ndi aphunzitsi anzanga, ngakhale sagwira choko. Ndati ena, pakuti si onse. Chimene chimawasiyanitsa si kukongola kwa boti kapena kuthwa kwa Chingerezi ayi, koma zimene munthuyo adziŵa za nyanja.

Poyamba ndifotokoze za malowo, chifukwa aŵerengi ambiri a kumtunda sanafikeko. Mudzi wa Chembe uli kunsonga kwa mtunda wa kwa Nankumba umene udaloŵerera m'nyanja, kuseri kwa mapiri a Monkey Bay. Dzina lakuti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. M'chaka cha 1980 boma lidakhazikitsa kumeneko malo otetezedwa otchedwa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Malo ena osungirako zachilengedwe monga Kasungu ndi Liwonde timawadziŵa ndi njovu ndi mvuu. Aŵa adatetezedwa chifukwa cha nsomba. Mapiri, zilumba ndi madzi a mamita 100 kuchokera pagombe lake zonse nzotetezedwa, koma mudzi wa asodziwo udatsala pakati monga udaliri kale, ndi mathandala ake oyanikapo usipa.

Ulendo wake suvuta. Mumapangana mtengo ndi woperekeza madzulo, m'maŵa mwake mukwera boti la matabwa la injini, ndipo theka la ola lisanakwane mwafika pa chilumba cha Thumbi. Ena amapita ku miyala ya Otter Point, kumene kumapezeka akatumbu, ena ku chilumba chachikulu cha Domwe, ndipo ofuna kupita kutali amafika ku Mumbo. Akufuna kusambira amapatsidwa magalasi oonera pansi pa madzi. Masana mudya nsima ya kampango kapena chambo chootcha pa miyala, ndi kubwerera dzuŵa lisanapendeke.

Nzeru yoyamba imene woperekeza weniweni ali nayo ndiyo ya mphepo, ndipo imeneyi siphunziridwa m'kalasi. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto kwake ili ndi malo akuya pafupifupi mamita 700. Mphepo ikaomba motsata utali wonsewo imautsa mafunde amene munthu wa kumtunda sangawaganizire. M'miyezi yozizira kumaomba mwera wochokera kummwera, ndipo m'nyengo ya mvula mpoto umatha kudza mwadzidzidzi ndi mitambo yakuda. Tsono msampha wa ku Chembe ndi uwu: gombe la mudziwo lidabisala kuseri kwa mapiri, kotero kuti mwera ukhoza kukhala ukukalipa kunja kwa Domwe pamene pagombe madzi ali bata ngati m'mbale. Mlendo ayang'ana pamene aima nati kuli bwino. Mwana wa msodzi ayang'ana kutali, kumene madzi achita mizere yoyera, nadziŵa kuti lero si tsiku.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye ndidaona abwana ena a m'tauni, amene adadza ndi banja lawo pa galimoto, akukakamiza woperekeza wina kuti awafikitse ku Mumbo. Adalonjeza kuwonjezera ndalama. Munthuyo, amene zovala zake zidaonetsa kuti ndalamazo akadazifuna ndithu, adayankha mwaulemu nati, "Pepani bwana, ndalama zanu nzabwino, koma mwera sudziŵa ndalama. Pa Thumbi ndikufikitsani, ku Mumbo iyayi." Abwanawo adanyanyala, nafunafuna wina. Sindidatsate kumene nkhani yawo idathera, koma ana anga ndidawakweza boti la munthu wokana uja, ndipo mpaka lero ndikamasankha woperekeza ndimayamba ndafunsa anthu a m'mudzi ngati munthuyo adayamba wakanapo mlendo. Akulu a kumpoto amakumbukirabe sitima ya Vipya imene idamira m'mafunde mu 1946 ndi kupha anthu 145. Imeneyo idali sitima yachitsulo, yatsopano. Nanga boti la matabwa lodzaza ana osadziŵa kusambira?

Nzeru yachiŵiri ndiyo ya nsomba, ndipo apa mpamene ndimaona kuti bukhu ndi nkhafi ziyenera kuyendera limodzi. Pa miyala ya Thumbi mwana akaviika nkhope m'madzi amadzuka akufuula, pakuti pansipo pali tinsomba tambirimbiri ta mawanga obiriŵira, achikasu ndi amizeremizere, totchedwa mbuna. Dzinali lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Woperekeza waulesi amangoponya nyenyeswa za buledi kuti tinsombato tisonkhane, alendo ajambule, basi ntchito yatha. Koma wodziŵa ntchito yake amauza ana kuti akhale chete ayang'anitsitse, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pamenepo mwana amayamba kuona kuti mbuna zambiri zimadya ndere zomera pa miyala, ndi kuti zina zimapala mwalawo ndi mano ngati mayi wopala m'poto pamene zina zimangothothola. Amaonanso kuti yamphongo ili ndi kamalo kake kamene imalondera, ndipo inzake ikayandikira imaipirikitsa.

Ndiye pali chodabwitsa chija chimene ine ndidachiphunzitsa zaka zambiri pa bolodi, koma ana adachimvetsa tsiku limene adachiona ndi maso. Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake kwa masabata angapo, osadya kwenikweni, kufikira ana ataswa ndi kukhwima. Woperekeza wathu adatiloza ina imene khosi lake lidatupa, nati kwa mtsikana wina, "Iwe mwana, taona mayi uyo, ali ndi ana m'kamwa." Mtsikanayo adafunsa chifukwa chake nsomba za pa Thumbi zimasiyana mtundu ndi za ku zilumba zina. Ndidatchera khutu, popeza funsoli nlovuta. Iye adayankha kuti mbuna imaopa kuchoka pa miyala, siwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, ndipo ana ake amakulira pomwe adabadwira. Motero chilumba chilichonse chili ngati mudzi wakewake, ndipo pakupita kwa mibadwo yambiri nsomba za mudzi uliwonse zidatenga maonekedwe awoawo. Yankho limeneli ndi lomwelo limene akatswiri amapereka pofotokoza chifukwa chake nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yoposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Nditamfunsa kumene adaziphunzira, adati adagwirapo ntchito yonyamulira katundu anthu ofufuza za nsomba, ndipo ankaŵerenga mabuku awo madzulo. Akadapanda kudziŵa kuŵerenga, akadangokhala wonyamula katundu.

Za buledi uja ine sindigwirizana nazo. Nsomba yodya ndere sidalengedwere ufa wa tirigu, ndipo mwana amene waona mbuna zikulimbirana buledi waona chipwirikiti chabe, sadaone moyo wa nsombayo. Za nkhwazi mtima wanga umafeŵerako. Woperekeza amatenga kansomba, nakaloŵetsa kabango kuti kayandame, aliza mluzu, naponya pamadzi. Mbalameyo ichoka mumtengo, itsika ngati muvi, nitola nsombayo ndi zikhadabo popanda kunyowetsa mapiko. Ana ambiri nkhwazi amaidziŵira pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo sipadzakhala phunziro la m'kalasi loposa mphindi imeneyo.

Pobwerera boti limadutsa kufupi ndi malo amene ife a mpingo uno sitingawadutse osatembenuka. Kumeneko ndiko kudafikira kasitima ka Ilala mu Okutobala 1875, ndi E. D. Young ndi Robert Laws, ndipo ndiko kudayambira mishoni ya Livingstonia. Malungo adawasautsa, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Chaka chomwecho Albert Namalambe adabatizidwa, woyamba mwa anthu a mishoniyo. Manda a ena mwa iwo alipobe patsinde pa phiri, monga a Dr William Black ndi a Shadrach Ngunana wochokera ku Lovedale, amene onse aŵiri adamwalira mu 1877. Operekeza ambiri amangoti "manda a azungu", osadziŵa kuti mmodzi wa ogona pamenepo ndi Mwafirika mnzathu. Ndimawauza nthaŵi zonse ndikapita, ndipo sadayambe andikwiyira.

Pali chinthu china chimene woperekeza wokhulupirika sabisa, ngakhale chingaopseze malonda ake, ndicho likodzo. Tizilombo take timakulira m'tinkhono ta m'madzi osaya, ndipo timafalikira pamene odwala akodzera m'nyanja. Ofufuza amene adagwira ntchito ku Chembe adapeza kuti nthendayi idakula pamene nsomba zina zodya nkhono zidachepa chifukwa cha kukoka makoka pafupi ndi gombe. Taonani mmene zinthu zilumikizirana: khoka la maso ang'onoang'ono, kapena neti yotetezera udzudzu yosanduka khoka, limatha nsomba; nkhono zichuluka; mwana wa msodzi yemweyo ayamba kukodza magazi. Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, alipo ndipo amachiza. Ine ndikabwera ndi ana kuchokera kunyanja ndimalembera makolo awo kalata kuti pakapita miyezi iŵiri akawapimitse kuchipatala.

Tsono ndilankhule ndi inu anyamata, makamaka a m'mbali mwa nyanja. Ndaona ana a zaka 13 kapena 14 akuyendayenda pagombe nthaŵi ya sukulu, akuthamangira mlendo aliyense wotsika galimoto ndi mawu aŵiri atatu a Chingerezi. Amaona mkulu wawo atalandira tsiku limodzi ndalama zimene atate awo sazipeza pa sabata, naganiza kuti sukulu ikuwachedwetsa. Saona miyezi ya mvula pamene alendo amachepa, ndipo aiŵala chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseka maulendo ndi kusiya maboti ali gone pamchenga. Choipa china nchakuti mwana wotere ataya mbali zonse ziŵiri. Sapita kukalasi, komanso sapita usiku ndi atate ake kukaŵedza usipa ndi nyali, kumene akadaphunzira mphepo. Akadzakula adzakhala ndi boti ndi injini, koma mlendo akadzamfunsa za nsomba adzapeka bodza, ndipo akadzampatsa ndalama zambiri tsiku la mwera adzavomera.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi a Sande sukulu amene mungafune kutengako ana, nthaŵi yabwino ndi pamene mwera waleka ndipo mvula isanayambe, cha m'Seputembala ndi Okutobala. Polipira poloŵa m'malo otetezedwawo, nzika za dziko lino zili ndi mtengo wake wotsika kusiyana ndi alendo akunja. Nyamukani m'maŵa, pakuti mphepo imakonda kukula masana. Musanakwere, ŵerengani ana, kenaka muŵerenge majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ndipo mwana aliyense avale yake ndi kumanga zingwe boti lisanachoke pamchenga. Ngati ana ali 20 ndipo majekete ali 12, botilo liyende kaŵiri.