Kalata ya M'chisanu

M'chaka cha 1987 ndidatumizidwa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kukaphunzira kwa chaka chimodzi. Zokoma zidalipo: mabuku ankhaninkhani, aphunzitsi odekha, ndiponso mwayi wokaona Blantyre wakumeneko, kwawo kwa David Livingstone.

Zowawa zidadza mu Disembala. Dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane, ndipo chisanu chinkalasa mpaka m'mafupa. Tsono idafika kalata yonena kuti bambo anga adatisiya. Idayenda masabata atatu, kotero kuti kumudzi adali ataika kale. Ndidadzitsekera m'chipinda, misozi ili chuchuchu.

Mayi achikulire amene ndinkakhala m'nyumba mwawo adagogoda, nakhala nane chete mpaka usiku. Mwambo wathu sankaudziwa, koma maliro a bambo anga adandikhuza ndi iwowo.