Mbeu za Makolo Pakati pa Tiyi wa ku Thyolo

Wapaulendo wochokera ku Limbe akapitirira Bvumbwe amalandiridwa ndi tiyi wobiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri la Thyolo, kumene kuli esiteti ya Satemwa yomwe inayamba mu 1923. Koma tiyi sadyera nsima. Ndiwo zimachokera kuseri kwa nyumba za antchito ndi m'midzi yopanikizana m'malire mwa minda ija, momwe malo olima ndi ochepa ngati chikhatho.

M'timadimba timeneti amayi amafesa bonongwe, luni, kamganje ndi maungu a nkhwani, ndipo kalongonda, amene Alomwe amamkonda, amayanga m'mitengo. Mbeu zake sagula. Amasiya zomera zamphamvu kuti zikhwime, napulula njere, naziyanika pamthunzi, nazisunga ndi phulusa m'kamphika kovundikira bwino, kuopa anankafumbwe ndi chinyezi cha chiperoni. Mbeu ya haibulidi imafuna ndalama chaka ndi chaka, pakuti yobwereza sibereka monga yoyamba.

Makolo, kodi ana athu akhoza kusiyanitsa njere za luni ndi za bonongwe? Mbeu ya agogo ikatha m'mudzi, ku sitolo simudzaipeza. Aphunzitseni kuisunga mvula isanagwe.