Mpweya Umene Umaimitsa Sitima

Ntchito yanga ndi yokonza mabuleki a sitima zoyenda pansi panthaka ku London. Timayamba usiku sitima zikalowa m'depoti. Sipanala ndimakhala nayo, koma ndimadalira kwambiri khutu, pakuti mpweya ukamathawa sumabisala, umalira.

Anyamata atsopano amabwera ndi maganizo akuti mpweya ukatha ndiye kuti mabuleki afa. Mabuleki oyamba a George Westinghouse, a mu 1869, analidi otero: paipi ikangoduka, panalibenso choimitsa sitima. Mu 1872 mkuluyu anatembenuza nzeru yonse. Kompuresa imadzaza thanki yaikulu, mpweya n'kuyenda m'paipi imodzi yodutsa mabogi onse. Bogi iliyonse ili ndi kathanki kake komanso vavu yotchedwa triple valve. Paipi ikakhala yodzaza, mabuleki amakhala omasuka. Mpweya wa m'paipimo ukangotsika, vavu ija imatsegula kathanki, mpweya n'kuthamangira mu silinda, pisitoni n'kukankha zogwirira mawilo. Ndiye bogi itati ithothoke, paipi imaduka ndipo zidutswa zonse ziwiri zimaima zokha. Ine sindinaonepo nzeru ina ya panjanji yoposa imeneyi.

Pa nzeru yomweyi m'pamene pachokera tripcock. Chizindikiro chikakhala chofiira, kachitsulo ka m'mbali mwa njanji kamadzuka. Dalaivala akapitirira, kachitsuloko kamamenya tripcock, yomwe ili pansi pa sitima, mpweya wa m'paipi n'kutsika, sitima n'kuima, iye afune asafune.

Vuto la mpweya n'lakuti umachedwa kufika ku bogi yakumbuyo, pamene masiteshoni athu ali pafupipafupi. Choncho masiku ano lamulo limadutsa pa waya wamagetsi n'kufika mabogi onse nthawi imodzi. Injini zamagetsi nazo zimathandiza kuchepetsa liwiro, mpweya umangomalizitsa. Anzathu a ma tram amawonjezera mchenga ndi maginito ogwira njanji, chifukwa iwo amayenda mumsewu momwe mwana angathe kudumphira kutsogolo.

Mdani wathu weniweni ndi madzi. Mpweya ukapanikizidwa umasiya chinyezi m'thanki, chinyezicho chimabala dzimbiri, ndipo nyengo yozizira chimatha kuundana n'kutseka vavu. N'chifukwa chake timakhetsa mathanki, timapaka thovu la sopo polumikizira mapaipi, kenako timazimitsa kompuresa n'kuyang'anitsitsa geji. Muvi wake ukamatsika msanga, sitima imeneyo sindiisainira, ngakhale abwana akwiye bwanji.