Chimbale chinkatipeza patatha chaka

Pa 8 April 1994, gulu loimba la ku California lotchedwa The Offspring linatulutsa chimbale chake chachitatu, Smash. Kuno kwathu maso onse anali pa chisankho cha pa 17 May, ndipo sitinkadziwa n'komwe kuti ku Orange County kuli anyamata anayi oimba skate punk. Nyimbo za mtunduwu zinakulira pakati pa achinyamata osewera pa skateboard: ng'oma zaliwiro, magitala aukali, ndipo nyimbo zambiri zimatha zisanafike mphindi zinayi.

Smash anachijambulira ku North Hollywood ndi ndalama pafupifupi $20,000, ndipo chinatuluka kudzera ku Epitaph, kampani yaing'ono ya Brett Gurewitz wa gulu la Bad Religion. Nthawi imeneyo Noodles, woimba gitala wa The Offspring, anali adakali pantchito yosesa pasukulu, pomwe Dexter Holland, wotsogolera kuimba, ankaphunzira sayansi pa University of Southern California. Wailesi ya KROQ ya ku Los Angeles itayamba kusewera nyimbo ya m'chimbalechi yotchedwa "Come Out and Play", anthu anakhamukira m'masitolo. Chimbalecho chinagulidwa makope oposa 11 miliyoni padziko lonse, chinthu chomwe kampani yoima payokha inali isanachitepo.

Ine chinandipeza chaka chotsatira, achimwene a mnzanga atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni. Inali kaseti ya TDK yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake, mayina a nyimbo atalembedwa ndi bolopeni, ena molakwika. Chikuto chake sitinachione. Mabatire anali odula, ndiye pobweza kaseti tinkaizunguza pa bolopeni ya Bic mpaka dzanja kulema. Kudumpha nyimbo kunali kuononga mabatire, choncho tinkamvera zonse 14 mwa ndondomeko yake, zokoma ndi zosakoma zomwe. Mayi akamadutsa pakhonde ankafunsa kuti, "Kodi azungu akowo akumenyana?" Mpaka lero "Come Out and Play" ikamatha, khutu langa limakhala litayembekezera kale "Self Esteem".

Zinthu zinayamba kutembenuka Napster, njira yogawirana nyimbo pa intaneti, itabwera mu 1999. Mu 2000, The Offspring, amene apa n'kuti ali pansi pa kampani ya Columbia, anafuna kuika chimbale chonse cha Conspiracy of One pa intaneti kwaulere. Akuluakulu a kampaniyo anaopseza kuti apita kukhoti, ndipo maganizowo anathera pomwepo. Koma zomwe kampaniyo inkaopa zinadzachitikabe. Kuyambira July 2015, zimbale zatsopano zambiri zimatuluka Lachisanu padziko lonse tsiku limodzi. Supercharged, chimbale cha gululi cha nyimbo 10, chinatuluka Lachisanu pa 11 October 2024, ndipo ndinachimvera tsiku lomwelo pafoni, ndili m'minibasi. Sindinadikire munthu wochokera ku Joni, ndinangogula bandulo.

Kwa womvera ngati ine, uku n'kusintha kwabwino, ndipo sindilira nazo zakale. Mwana wa ku Mchinji lero angathe kumva NOFX, Pennywise kapena Millencolin ya ku Sweden ola lomwelo limene mnzake wa ku Los Angeles akumvera. Chomwe chinasokonekera ndi njira yomwe oimba ankadyera. Mu 1994 wokonda nyimbo imodzi ankagula chimbale chonse, ndipo ndalamazo n'zomwe zinachotsa Noodles pa tsache ndi kukuza Epitaph. Lero nyimbo ikaseweredwa kamodzi pa Spotify, woimba amalandira kachigawo kakang'ono ka senti imodzi ya ku America, ndipo ambiri amangotapa nyimbo imodzi n'kusiya zinazo. The Offspring sakudandaula, pakuti mu 2016 Round Hill Music inagula umwini wa nyimbo zawo zambiri pa $35 miliyoni. Amene ali pamavuto ndi anyamata anayi a lero omwe akuyeserera m'galaja. Kwa iwo chimbale chasanduka chikalata choitanira anthu ku shoo ndi kukagula malaya a gulu.

Zimenezi oimba athu akuzidziwa bwino. Kale woimba akamaliza kujambula ankapita kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kufalikira m'misika yonse. Kenako kunabwera obena nyimbo pa memory card, ndipo malonda a zimbale anagwa. N'chifukwa chake masiku ano mwambo wokhazikitsa chimbale umadalira ndalama zapakhomo ndi mabwana opikisana kugula CD yoyamba, yomwe mwina alibe n'poimvera pomwe.

Kaseti zobwerekana zija sizinkapha oimba chifukwa ogula zenizeni anali ambiri. Lero ogulawo atha, ndiye udindo watsala ndi ife omvera. Gulu lomwe mumalikonda likatulutsa chimbale, kaya ndi la ku California kaya la ku Ndirande, chimvereni chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Ngati chikugulitsidwa, gulani, ndipo akakonza shoo pafupi nanu, kalipireni pakhomo.