Injini ya atsibweni pansi pa phiri la Tumbine

Mukamalowa m'tauni ya Milange kuchokera ku chipata cha Muloza, maso amayamba aona phiri la Tumbine, kenako njinga zosenza matumba a chimanga. Nyanja kuno kulibe. Kotero ndinadabwa Loweruka lina nditapeza injini ya boti itakolekedwa pa mgolo wa madzi kuseri kwa msika, kumene amisiri amakonzera njinga zamoto ndi zigayo. Inali Johnson ya atsibweni anga, ija anagula kwa msodzi wa ku nyanja ya Chilwa nkhondo itatha mu 1992.

Injiniyi yaona zambiri. Chilwa itaphwa mu 1995 inagona m'nyumba, mu 2018 chimodzimodzi. Koma tsopano inali itayamba khalidwe loipa: boti likuyenda bwinobwino, mumamva kugunda ngati mwaomba chitsa, giya n'kutuluka. Inu amene munakwerapo boti lodzaza matemba ndi anthu, mwera ukukukankhirani m'njedza, mukudziwa kuti izi si zoseketsa.

Atsibweni anali atamanga kebulo ya giya ndi lekeni. "Muphwa wanga," anatero, "upite ku Limbe ukandigulire kachitsulo kamene kanali apa." Nditafunsa dzina la kachitsuloko, anangoloza ndi chala.

Mmisiriyo, bambo wa imvi wosakonda zolankhulalankhula, anayamba ndi kupukuta kachikwangwani kamene kali pa chitsulo chomangira injini ku boti. Apa mpamene ndinaphunzira chinthu. Kuyambira 1980, a Johnson ndi Evinrude ankabisa chaka cha injini m'mawu akuti INTRODUCES: I ndi 1, N ndi 2, T ndi 3, mpaka E amene ndi 9, ndipo S ndi 0. Mumawerenga zilembo ziwiri zimene zatsogolera chilembo chomaliza. Ya atsibweni inali ndi CR, kutanthauza 1984. Wogulitsa uja anawauza kuti ndi yatsopano ndithu, koma tisamudzutse, anapita kale.

Kenako anatifotokozera za makebulo. Alipo awiri ofanana, wa moto ndi wa giya. Mukasuntha chogwirira kuchoka pa nyutulo, amene wayamba kuyenda ndiye wa giya. Kebulo ili ndi khungu la kunja ndi waya wa m'kati. Wayayo amakola pa kapini ka mkono wa giya, pamene khungulo liyenera kugwidwa nji! Ntchito imeneyi ndi ya kambiya kamene kali pa kebulo, kokhala m'kachisa kake pa injini, kotsekedwa ndi kachivundikiro. Cha atsibweni chinali chitasowa. Lekeni imatamuka, ndiye kebulo yonse inkasuntha, giya n'kumalowa theka. Giya yolowa theka imadya mano a m'munsi, kufupi ndi chopalasira madzi, ndipo kukonza kumeneko kumafuna ndalama za ng'ombe.

Za ku Limbe mmisiriyo anapukusa mutu. Kampani imene inkapanga injinizi, OMC, inagwa mu 2000, ndipo Evinrude analeka kupangidwa mu 2020. Atsibweni anatulutsa kachitsulo ka Yamaha kamene anagula kale mongoyerekeza. Sikanalowe n'komwe.

Ndinalemba nambala yonse ya injini pa foni, ndipo chithunzi cha ziwalo zake chinabwera. Mmisiri anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati atsibweni ali ndi chitini cha zitsulo zakale. Ndani alibe? Tinakhuthulira pa thumba mabawuti, manati ndi mbedza zadzimbiri. Kachivundikiro kanali momwemo, kokhota pang'ono.

Anakawongola ndi hamala, anaika injini ndi chogwirira zonse pa nyutulo, n'kupotokola kambiya kaja mpaka kanakhala m'malo mwake popanda kukakamiza. Injini italira mu mgolo, giya inalowa kamodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, madzi n'kutinyowetsa tonse. Za mano a m'munsi anati tidzamva ikakasenza katundu pa Chilwa. Atsibweni analipira, koma lekeni ija anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba.