Ku Luwawa mtima umapuma, koma kunyumba mwasiyako bwanji?

Mukachoka ku Lilongwe kulowera kumpoto pamsewu wa M1, mumadutsa Kasungu, kenako Jenda, komwe tomato, anyezi ndi mbatata zimachita kudzaza m'mbali mwa msewu. Kupitirira apo msewu umayamba kukwera, ndipo mphepo yolowera pazenera imayamba kuluma. Musanafike pomwe pamapatukira msewu wa ku boma la Mzimba, mumakhotera kumanja n'kutsata msewu wafumbi wa makilomita pafupifupi 10. Kumeneko ndiye ku Luwawa, kum'mwera kwa mapiri a Viphya.

Malowa ali pamtunda wopitirira mamita 1,500, choncho musaiwale juzi. M'mwezi wa June ndi July nkhungu imakuta damu la Luwawa m'mamawa moti tsidya linalo silioneka. Mitengo ya paini yozungulira damuli ndi mbali ya nkhalango imene ambirife timaitcha Chikangawa. Boma linayamba kuidzala mochuluka m'zaka za m'ma 1960 pofuna kutsegula fakitale yopanga zopangira mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, koma nkhalango inakula mpaka mahekitala pafupifupi 53,000. Lero moto wolusa ndi macheka zaidya kwambiri, komabe fungo la paini likadalipo. Alendo ofikira pa Luwawa Forest Lodge amapalasa bwato padamu, kuwedza, kukwera njinga m'tinjira ta m'nkhalango, ndipo olimba miyendo amayenda masiku angapo kutsetsereka mpaka kunyanja.

Ubwino wa kuno ndi woti munthu umaiwala za m'tauni. M'malo ena netiweki imachita kusakidwa, foni imangokhala kamera basi. Koma izi zikutanthauzanso kuti zikavuta kunyumba kwanu ku Area 25 kapena ku Chibavi, mwina mumva mochedwa, ndipo ngakhale mutamva, simungafikeko pa ola limodzi.

Ngozi zambiri za m'nyumba yotsekedwa zimayamba ndi zinthu ziwiri zimene tinazizolowera: kusiya kwa madzi ndi kuzima kwa magetsi. Munthu amatsegula mpopi m'mawa, n'kupeza kuti ukungotulutsa mpweya, ndiye amauleka osatseka. Madzi amabwera usiku iye ali kale ku Mzimba. Ngati sinki ili yotseka ndi nyenyeswa za nsima, pofika m'mawa madzi amakhala afika kuchipinda. Matiresi oyala pansi, masatifiketi a m'katoni, thumba la ufa, zonse zimanyowa. Paja madzi akatayika saoleka.

Za magetsi n'chimodzimodzi. Akazima uli mkati mosita kapena mophika, n'kosavuta kuiwala kuti ayironi kapena hotipuleti ikadali yoyatsa. Akayaka, chipangizocho chimayamba kutentha m'nyumba mulibe munthu.

Zikaphatikizana ziwirizi ndiye nkhani imakhala ya moyo ndi imfa. M'nyumba zambiri za lendi soketi ndi zochepa, ndiye timadalira ekisitenshoni yogona pansi kuseri kwa TV kapena pansi pa bedi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230. Ekisitenshoni ikamira, madzi oizungulira atha kukhala ndi magetsi, ndipo wolowa osavala nsapato akuthamangira kukatseka mpopi akhoza kugwidwa nyesi pomwepo. M'dzinja, kuyambira November mpaka April, denga lodontha limachitanso zake: madzi amanyowetsa siling'i n'kutsata nthambo mpaka pababu kapena paswitchi.

Anthu a ku Mzimba nkhani yosiya nyumba amaidziwa kutiposa. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA, amuna a m'bomali akhala akupita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo mpaka lero achinyamata ambiri ali ku Joni. M'midzi ya m'mbali mwa msewu mumaona nyumba zamalata zokongola zomwe eni ake amaziona kamodzi pachaka. Kawirikawiri pamakhala m'bale wosunga kiyi, amene amatsegula mazenera, kuona ngati malata asasuka, ndi kutumiza zithunzi pa WhatsApp. Ifenso a ulendo wa masiku atatu tiphunzirepo: siyani kiyi kwa munthu amene mumamukhulupirira, ndipo muonetseni pomwe pali mita ya madzi ndi bokosi la magetsi.

Zina zonse ndi ntchito ya mphindi khumi musanakwere basi. Tsekani madzi pamita penipeni, osangodalira mipopi ya m'nyumba. Zulani mapulagi onse, ndipo ekisitenshoni ikhale patebulo. Ngati mufiriji mulibe kanthu, zimitsani main switch, chitseko cha firijiyo muchisiye chotsegula kuti isachite nkhungu. Ngati muli ndi giza, izimitseni. Mapepala ofunika aikeni m'jumbo pamwamba pa wadiropu. Pomaliza jambulani pafoni mita ndi maswitchi, kuti mtima ukadzayamba kugunda muli padamu, mungoyang'ana chithunzicho.

Nanga mukabwerera n'kupeza madzi akutuluka pansi pa chitseko? Musalowe mothamanga. Yambani mwatseka madzi panja pamita. Main switch muigwire pokhapokha ngati mungaifikire mutaima pouma, manja ali ouma. Ngati simungathe, imbani ku ESCOM kapena itanani katswiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA. Chipangizo chilichonse chimene chanyowa musachiyese poyatsa, ngakhale chikuoneka chouma kunja. Ana akhale panja mpaka nthambo zitaunikidwa.

Ku Luwawa pitani ndithu. Phunzirani kunena "monire" ndi "yewo", pobwerera mugule mbatata za pa Jenda, ndipo muothe moto wa nkhuni madzulo nkhungu ikamatsika. Koma mita ija muitseke musanatseke chikwama.